Nyenyezi Imene Analengeza Ena

Inali nthawi ya m'mawa, anthu atangolowa kumene m'maofesi, ndipo mvula yowaza inali isanaleke chiyambire mbandakucha. Mu ofesi ya achinyamata ofufuza zakuthambo, pansanjika yapamwamba ya nyumba ya sayansi payunivesite, madzi ankadontha pakona ya zenera n'kumagwera m'chitini chimene wina anatchera pamenepo kalekale. Kadzidzi anali yekha m'chipindamo. Anali ataimirira pafupi ndi tebulo lake, akulankhula ndi khoma, kuyeserera zimene adzanene mawa lake pa intavyu.

Dzina loti Kadzidzi anamupatsa ndi mchimwene wake ali kusekondale, poti mtsikanayu ankawodzera masana, kukada n'kukhala panja khosi lili m'mwamba. Mayi ake ankadana nalo dzinalo, ankati mwana wa munthu satchulidwa dzina la mbalame ya malodza, koma linamumata ngati phula. Linamutsatira mpaka kuyunivesite, ndipo ngakhale atalandira digiri ya udokotala wa sayansi ya zakuthambo, anzake ankamuitanabe choncho.

Kontirakiti yake ya zaka ziwiri inali kutha mwezi womwewo. Umu ndi mmene zimakhalira kwa ofufuza ongoyamba kumene: amalembedwa ntchito kwa kanthawi, kanthawiko kakatha amanyamula katundu kukafuna kwina. Kadzidzi anafunsira malo amodzi okha, kulikulu lina lotchuka lofufuza nyenyezi, ndipo anamuitana. Sankaona chifukwa chofunsira kwina. Anali ndi chinthu m'manja chimene ankakhulupirira kuti palibe wina ali nacho.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa Chipewa, mnzake wa tebulo loyandikana nalo. Mnyamatayu sankavula chipewa chake chaubweya kaya kuzizire kaya kutenthe, ngakhale pamaso pa Pulofesa. Tsiku limeneli anaima pakhomo, nachivula, n'kuyamba kuchipotokola m'manja.

"Ha! Lero ndaona dazi," anatero Kadzidzi akuseka. "Ndiye unkabisa bwalo la mpira lonseli?"

Chipewa sanaseke. "Wawerenga mapepala atuluka m'mawa uno?"

"Ndiwerenge nthawi yanji? Mawa ndili ndi intavyu, iwe."

"Khala pansi kaye, achemwali."

"Nena ndili chiimire."

"Nyenyezi yako ija," anatero Chipewa akuyang'ana chitini cha pazenera. "Gulu lina lakunja lalengeza. Mchira wafumbi uja, kuzilala kwa kuwala kuja, zonse. Agwiritsa ntchito zithunzi zako zomwe zija."

Kadzidzi anakhala pansi. Anatsegula kompyuta, napeza pepalalo, n'kuwerenga ndime yoyamba. Manambala ake anali ofanana ndi amene iye anawapeza miyezi yambiri yapitayo. Pamwamba panali mndandanda wa mayina a anthu amene sanawaonepo. Dzina lake linali kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono, pamene olembawo ankathokoza munthu amene anapempha kuti zithunzizo zijambulidwe.

Sanabe. Ichi ndicho chinamuwawa kwambiri, chifukwa wakuba umamukuwira. Telesikopu yaikulu imene inajambula zithunzizo ili pamwamba pa phiri kudziko lina, ndipo ofufuza a padziko lonse amalimbirana nthawi yoigwiritsa ntchito. Amene wapatsidwa nthawi amasunga zithunzi zake yekha kwa chaka chathunthu. Chaka chikatha chitseko chimatseguka, aliyense angathe kuzitenga n'kulemba zimene waonamo. Kadzidzi ankalidziwa lamuloli monga amadziwira dzina lake. Chaka chake chinali chitatha miyezi iwiri yapitayo.

Zithunzizo zitangofika, iye anaonamo kanyenyezi kofiirira kamene kuwala kwake kankazilala n'kubwereranso mosalongosoka. Atawerengera bwino anazindikira kuti pali pulaneti limene likunyenyeka pang'onopang'ono chifukwa choyandikira kwambiri nyenyeziyo, n'kumasiya mchira wafumbi m'mbuyo. Anauza Pulofesa ndi Chipewa basi. Chipewa anadzipereka nthawi yomweyo.

"Ndigawireko theka la masamuwo, tithamange nazo."

"Ndikwanitsa," anayankha Kadzidzi.

Ankadziwa kuti pa pepala la kafukufuku, olemba ntchito amayang'ana dzina loyamba, ena onse amakhala ngati operekeza ukwati. Chipewa sanapemphe kuti akhale woyamba, koma Kadzidzi ankaopa kuti anthu adzati masamu ovutawo anachita ndi mnyamata uja. Ankafuna kuti pasadzapezeke wokayika.

Kenaka mayi ake anadwala. Anagonekedwa m'chipatala cha kutsidya lina la mzinda, ndipo wowadikirira anali iyeyo. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa mankhwala, kompyuta ili m'chikwama pansi pa bedi osaitsegula. Kuntchito ananena kuti akugwirira kunyumba kuti aganize bwino popanda phokoso. Anali atamvapo akuluakulu ena akunena za mayi wina wofufuza kuti, "Uyu ndi wanzeru, koma mutu wake uli kunyumba." Sanafune kuti mawu amenewo adzanenedwe za iye. Mayi ake anamwalira yunivesite ili patchuthi, ndipo anakawaika kwawo, kutali. Sukulu itatsegulidwa Kadzidzi anabwerera patebulo lake, nafunsa anzake mmene tchuthi chinayendera, osanena kanthu. Anayambiranso masamu aja, koma mutu unkakana. Tsamba limodzi ankalibwereza sabata yathunthu. Tsiku lotsegula chitseko linafika n'kudutsa, iye akudziuza kuti kumwamba kuli nyenyezi zosawerengeka, ndani angalimbane ndi kake kofiirira?

"Pita kwa Pulofesa," anatero Chipewa. "Usakhale pamenepo ngati wagwidwa ndi magetsi."

Pulofesa anali mayi waimvi, wosachulutsa mawu. Kadzidzi atalowa anapeza pepala lija lili kale patebulo, litalembedwalembedwa ndi pensulo.

"Khalani, Dokotala. Ndakufunsani kangati za pepala lanu? Nthawi zonse mumati latsala pang'ono. Ine ndinakukhulupirirani, poti simunandinamizepo. Chinachitika n'chiyani?"

Kadzidzi anayang'ana manja ake. Anayamba kunena za masamu ovuta, koma mawu anamuthera panjira. Kenaka ananena za chipatala, za bedi la pafupi ndi khomo, za tchuthi chija. Ananena mwachidule, ngati akupereka lipoti la munthu wina.

Pulofesa anavula magalasi, nawaika patebulo.

"Pepani kwambiri, mwanawe," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Koma bwanji simunandiuze? Anthu oyang'anira telesikopu aja si miyala. Munthu akagwa m'mavuto otere timawadziwitsa, ndipo amawonjezera miyezi chitseko chisanatseguke. Ndachitirapo anthu angapo. Zikanangotengera uthenga umodzi wochokera kwa ine."

Kadzidzi anamva ngati pansi pasuntha. Chaka chonse anali atasenza chinthu chimene chinali ndi potulira, potulirapo pali pakhomo loyandikana ndi ofesi yake.

"Sindinkadziwa," anatero.

"Simukanadziwa musanafunse. Inenso ndinayenera kuona kuti mwaonda."

"Ndiye mawa ndikanene chiyani? Zonse zimene ndakonza ndi za nyenyezi yomweyo."

"Mukanene zoona. Amene akufunseni mawawo awerenga pepala lomweli m'mawa uno, monga tachitira tonse. Mukayerekeza kuti simunalione, ndiye kuti mwataya ntchito pamodzi ndi dzina."

Madzulo a tsiku limenelo mvula inali italeka, koma mseu wa kwawo unali matope okhaokha. Bambo ake anali telala, ndipo ankasokera m'kachipinda kakutsogolo kwa nyumba, moyang'ana kumseu. Kadzidzi anawapeza ataweramira makina, mapini ali kukamwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Pakhoma panali jekete yobiriwira ya mayi ake, imene ankavala pamisonkhano ya makolo kusukulu.

"Mwafika, amayi?" anatero bambowo atalavulira mapini m'dzanja. Mwana wawo wamkaziyu ankamutchula choncho kuyambira ali wakhanda. "Bwerani muyese. Ndabweza m'mapewa, ndafupikitsanso manja. Mayi anu anali ndi mikono ngati ya wosewera mpira wamanja."

Kadzidzi anavala jeketeyo. Inamukwana ndendende. M'kolala munali mukadali kafungo ka mafuta amene mayi ake ankadzola.

"Imani bwino, musapinde msana. Eya! Akakuonani chonchi akulembani musanatsegule n'komwe pakamwa. Makasitomala anga onse ndawauza. Wina anandifunsa kuti kodi mwana wanu angandiuze ngati chaka chino ndikwatire, ine n'kumuuza kuti nyenyezi zake si zimenezo, ndipo ngakhale zikanakhala zimenezo, ndi thalauza lakolo palibe angakulole."

"Ababa," anatero Kadzidzi. "Nyenyezi ija alengeza ena."

Bambowo anasiya kukoka kolala. "Akuberani? Nyenyezi amaba bwanji? Siili pomwe munaisiya?"

"Ilipo. Sanabe. Ndinali ndi chaka choti ndilembe zimene ndinapeza. Chakacho chinatha ndisanalembe, ndiye lamulo limalola ena kutenga."

"Chaka chiti?"

Bambowo anawerengera okha m'mutu, ndipo anakhala pampando wawo pang'onopang'ono. Anatenga kansalu kena patebulo n'kuyamba kukasalaza ndi chikhato, ngakhale kanali kosalala kale.

"Chipatala chija ndinakusiyirani nokha," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndinkati ndikafika pakhomo la wodi, miyendo imakana."

"Ayi, Ababa. Atati andibwezere chaka chimenecho, ndingakakhalenso pambali pa bedi lomwelo. Pamene ndinalakwa si pamenepo."

"Nanga ndi pati?"

"Kuntchito sindinauze munthu."

Bambowo anamuyang'ana. Zinaoneka ngati akufuna kufunsa china, koma anangopukusa mutu. Pamaliro paja anadabwa kuti kuntchito kwa mwana wawo sikunabwere ngakhale munthu mmodzi, ndipo mumtima anali atawaweruza kale anthu ophunzirawo kuti ndi ouma mtima.

"Vulani jeketeyo," anatero. "Batani lachiwiri likugwedera. Kaya akulembani kaya sakulembani, musakaime pamaso pa anthu ndi batani lolendewera."

Intavyu inachitika pakompyuta, mu ofesi ya Pulofesa, amene anatuluka n'kutseka chitseko. Pagalasi panaoneka nkhope zitatu: mayi wotsogolera zokambiranazo ndi abambo awiri. Kadzidzi anayamba ndi kunena kuti zimene akufuna kuwaonetsa zalengezedwa dzulo ndi gulu lina, kuti gululo silinalakwe, ndipo kuti iye anachedwa. Mayi uja anagwedeza mutu, ngati kuti funso lake loyamba layankhidwa lisanafunsidwe. Kenaka Kadzidzi anafotokoza za pulaneti lonyenyeka lija, ndipo pofotokozapo anaiwala mantha. Mmodzi wa abambowo anamufunsa funso lovuta la kukula kwa fumbilo, iye nayankha bwino, mpaka bamboyo anamwetulira.

"Zikuoneka kuti nyenyeziyi mumaidziwa kuposa amene alengezawo," anatero mayi uja. "Koma tiuzeni, kupatula ntchito imeneyi, pazaka ziwirizi mwatulutsa chiyani?"

"Palibe, mayi. Mphamvu zanga zonse zinali pamenepa."

"Nanga mwagwirapo ntchito ndi ndani? Kuno timagwira m'magulu. Ndani angatiuze mmene mumakhalira ndi anzanu zinthu zikathina?"

Kadzidzi anaganiza za Chipewa ndi theka la masamu lija. "Ndinkagwira ndekha," anatero.

Mayi uja analemba kanthu papepala. Anamuthokoza mwaulemu, ndipo galasi linada.

Yankho linabwera sabata yotsatira, pafoni. Anaimba ndi mayi yemweyo. Anati anachita chidwi ndi kuona mtima kwake, koma malowo apatsa munthu wina amene ali ndi mapepala otuluka kale. Anati adzayesenso m'tsogolo. Kadzidzi anathokoza, natseka foni, n'kuima kwakanthawi m'khonde, akuyang'ana ophunzira akuwoloka bwalo ndi mabuku pamutu pothawa dzuwa.

Atalowa mu ofesi anapeza Chipewa akulongedza mabuku m'katoni. Mnyamatayu anali atafunsira ntchito paliponse pamene panaoneka mpata: kumayunivesite, kusukulu za sekondale, kumakampani ofuna anthu a masamu. Kadzidzi ankamuseka kuti akuponya miyala mumdima. Tsopano anali atalembedwa kunthambi yoona zanyengo.

"Ndiye basi, nyenyezi wazisiya?" anafunsa Kadzidzi.

"Ndikayang'anabe kumwamba, kungoti ndatsika pang'ono," anatero Chipewa. "Mitambo imene yakhala ikutitchinga zaka zonsezi, tsopano ndiyo izindidyetsa. Nanga iwe, a intavyu aja akuyankha?"

"Andikana."

"Pepa, achemwali." Anaika buku m'katoni, nalitulutsanso. "Koma ndikufunse chinthu? Chandivuta sabata yonseyi. Iwe masamu aja unali utawagwira pakhosi. Chinakuchedwetsa n'chiyani? Kapena unkaopa kuti ndikulanda?"

"Ndinkaopa, inde. Poyamba." Kadzidzi anakhala pampando wake. "Kenaka mayi anga anadwala. Miyezi ija ndinkati ndikugwirira kunyumba, ndinali kuchipatala. Anatisiya patchuthi chija."

Chipewa anaima chilili, buku lili m'manja.

"Mayi aja ankatipatsira zipatso m'chikwama mwako aja? Amene anandikalipira pafoni kuti ndisamakutchule Kadzidzi?"

"Omwewo."

"Anamwalira?"

"Eya."

"Ndiye iwe unabwera muno, n'kundifunsa kuti tchuthi chayenda bwanji, ine n'kumakufotokozera za ukwati wa msuweni wanga mpaka kukuonetsa zithunzi za keke?" Mawu ake anakwera, kenaka anasweka. "Ife muno umationa ngati chiyani? Mipando? Maliro n'kulirana, iwe! Nyenyezi ukanaumira, ndi yako, palibe kanthu. Koma maliro sabisa."

Kadzidzi anafuna kupepesa, koma misozi ndiyo inatsogola. Pamaliro sanalire kwambiri, chifukwa panali alendo oti awalandire ndiponso bambo oti awagwirizize. Analira tsopano, mwakachetechete, nkhope ili m'manja, pakati pa makatoni. Chipewa anakoka mpando wake n'kukhala pambali pake, monga amakhalira anthu pasiwa, mpaka mapewa a mnzakeyo anasiya kunjenjemera.

"Loweruka ndikubwera kwanu," anatero pambuyo pake. "Ndikapepese bambo. Ndiuzanso anzathu a pansi aja. Tachedwa, koma tifika."

"Adzakuyeza thalauza usanakhale n'komwe pansi."

"Aliyeze, mwina n'kundichotsera manyazi kuntchito yatsopano."

Kadzidzi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana tebulo lake, limene pakutha pa mwezi lidzakhale la munthu wina.

"Chipewa, ndithandize," anatero. Mawuwo anatuluka movutikira, ngati chitseko cha dzimbiri. "Sindidziwa kufunsira ntchito kwina kulikonse. Sindidziwa kuti munthu wa kubanki kapena wa kusekondale ndingamuuze bwanji zimene ndimatha. Ndikhoza kukhala chaka chonse pakhomo."

"Ukhoza kukhaladi," anatero Chipewa, osamunyengerera. "Malo a zakuthambo a chaka chino atsekedwa onse. Otsala ndi akunja kwa mpanda. Pali sukulu ina ikufuna mphunzitsi wa fizikisi, ndinaikana nditapeza kwanyengoku. Si telesikopu, koma ndi denga. Ukakhala pamenepo tizilemba kapepala kathu pang'onopang'ono, Pulofesa atithandize kupempha nthawi ina ya telesikopu. Mwina zidzatheka, mwina ayi. Masana ano tikhale pansi, ndikuonetse mmene amalembera. Poyamba tichotse mawu ako aataliatali aja, amaopseza mabwana."

"Pulofesa ndikawapempha ndekha," anatero Kadzidzi. "Lero lomwe."

Panja belu linalira. Inali nthawi ya labu ya ophunzira a chaka choyamba, imene Kadzidzi ankayang'anira Lachinayi lililonse, ndipo inali itamutsalira milungu iwiri yokha. Anapita pampopi wa m'khonde, nasukusula kumaso, n'kubwerera kudzatenga makiyi ndi bokosi la magalasi oyesera kuwala. Potsika masitepe anamva kale phokoso la ophunzira akukankhana pakhomo la labu.

"Awiriawiri patebulo," anatero akutsegula chitseko. "Magalasiwa muziwagwira m'mbali, osati pakati. Amene asiyepo zala apukuta bokosi lonse."